Momwe mungalembere ndi kujambula podikasiti ya sewero lomwe omvera amavotera kolowera nkhani

Mu 1988 kampani ya DC Comics ya ku America inasiya moyo wa mnyamata wina wa m'nkhani zake m'manja mwa owerenga. Inasindikiza manambala awiri a foni. Woimba pa nambala yoyamba ndiye kuti akufuna Jason Todd, yemwe ankatchedwa Robin, apulumuke, woimba pa inayo akufuna afe. Ofuna imfa anapambana ndi mavoti 72 okha, 5,343 kwa 5,271. Chomwe ndimachikumbukira kwambiri pa nkhaniyi n'chakuti olemba ndi ojambula anali atakonzeratu masamba a mbali zonse ziwiri voti isanatsekedwe, poti tsiku losindikiza silikanawadikira. Inu amene mukufuna kuyamba podikasiti (pulogalamu ya mawu yomwe anthu amamvera pa intaneti) ya nkhani yopeka yotuluka m'magawo, omvera n'kumasankha chochitika chotsatira, mudzakumana ndi zomwezi sabata ndi sabata: lonjezo lomwe mwapereka kwa anthu, ndi nthawi yochepa yolikwaniritsira.

Yambani ndi zomwe voti singasinthe

Musanalembe gawo loyamba, tengani pepala limodzi. Lembanipo anthu akuluakulu a m'nkhani yanu, asapitirire anayi kapena asanu, chifukwa khutu silisunga mayina ambiri ngati mmene diso limachitira. Pansi pa aliyense lembani chimene akufuna ndi chimene akubisa. Kenako lembani funso limodzi lalikulu lomwe nkhani yonse idzayankhe pa mapeto.

Tiyerekeze kuti nkhani yanu ndi ya mlonda wa pa fakitale amene usiku wina waona mng'ono wake akutulutsa katundu pa geti la kumbuyo. Funso lalikulu ndi lakuti, kodi ubale wa awiriwa upulumuka? Limeneli ndiye thunthu, ndipo ndi lanu. Omvera azisankha nthambi.

Sankhaniratu chiwerengero cha magawo. Poyamba, asanu ndi atatu kapena khumi ndi okwanira. Ndipo musayese kulemba njira zonse zomwe nkhani ingadzere. Mavoti khumi, iliyonse ya mbali ziwiri, amabala mathero 1,024, ndipo palibe munthu angalembe zonsezo. Simukufunikanso kutero, chifukwa voti ikatsekedwa nthambi imodzi imafera pomwepo. Chomwe mukufunika ndi zochitika zitatu kapena zinayi zomwe zidzachitike zivute zitani. Mu gawo lachinayi abwana adzazindikira kuti katundu akusowa. Mu gawo lachisanu ndi chiwiri mayi wa anyamatawa adzamva. Voti izisintha momwe anthu anu afikire pa malo amenewa, ndani afike atavulala mtima, ndani afike akudziwa chiyani.

Njira yobweza nthambi ku thunthu ndi yakale. Mu 1967, pa chionetsero cha Expo ku Montreal, dziko la Czechoslovakia linaonetsa filimu ya Kinoautomat, momwe oonera ankadina batani lofiira kapena lobiriwira posankha chotsatira, koma njira zonse zinkathera pa mathero amodzi. M'holo ya kanema zimenezi zimatheka, chifukwa anthu amaonera kamodzi n'kumapita kwawo. Omvera anu ali ndi sabata yathunthu yokambirana, ndipo akazindikira kuti chisankho chawo sichinasiye chipsera chilichonse pa nkhani, sabata yotsatira savotanso. Choncho nthambi zibwerere ku thunthu, koma zibwere ndi katundu. Ngati omvera anasankha kuti mlonda anamize abwana mu gawo lachiwiri, bodza limenelo limutsate mpaka gawo lomaliza.

Funso lovotera

Apa ndi pomwe podikasiti yotere imakhalira kapena kufera, ndiye tichedwepo.

Funso lofooka ndi lomwe mbali imodzi ndi yokoma moonekeratu. "Kodi atsegule envelopu kapena aitaye osawerenga?" Aliyense anena kuti atsegule, chifukwa womvera amafuna kudziwa. Mwawononga voti. Lofookanso ndi funso loika chabwino mbali ina, choipa mbali ina, chifukwa anthu ambiri adzasankha chabwino kuti mtima wawo ukhale m'malo, nkhani n'kuzizira.

Funso lamphamvu ndi lomwe mbali zonse zili ndi mtengo wake wowawa. Mlonda uja akaulula kwa abwana, ntchito yake ipulumuka koma mng'ono wake amangidwa. Akakhala chete, mlonda mnzake wosalakwa, bambo wa ana atatu yemwe amagawana naye tochi usiku uliwonse, ndi amene aganiziridwe. Womvera akamva zimenezi amayamba kudzifunsa chomwe iye mwini akanachita, ndipo ndi pamenepo amatumizira mnzake linki kuti "tamvera izi undiuze."

Funso likhale la chochita cha munthu, osati la mwayi. "Kodi galimoto iwonongeke panjira?" ndi funso lopatsa omvera ntchito ya mlembi. "Kodi amunyamule mng'ono wake pa galimotoyo kapena amusiye?" ndi funso lowalowetsa m'mtima mwa munthu wa m'nkhani. Onetsetsaninso kuti munthuyo, monga mwamuumbira, angathedi kuchita zonse ziwiri. Ngati kwa magawo atatu mwamuonetsa kuti ndi wamantha, musaike pa voti kuti akamenyane ndi anthu asanu. Mukafuna mbali imeneyo idzakhalepo, bzalani mbewu yake msanga, kachochitika kakang'ono koonetsa kuti akapanikizika amatha kupsa mtima.

Mbali zikhale ziwiri. Zikakhala zitatu, yopambana ikhoza kupeza mavoti 40 pa 100 alionse, kutanthauza kuti ambiri mwa omvera anu akumvera nkhani yomwe sanaisankhe. Ndipo lamulo lomwe sindilola kuliphwanya ndi ili: musaike pa voti mbali yomwe simuli okonzeka kuilemba ndi mtima wonse. Alembi ena amaika mbali yachiwiri ngati chokongoletsa, ali ndi chikhulupiriro kuti siipambana. Tsiku lina imapambana.

Funso mukalilemba, liyeseni pa anthu awiri kapena atatu omwe mumawadalira. Onse akayankha mofanana osaganiza n'komwe, libwezeni pa tebulo. Mmodzi akakhala kaye chete, kapena awiri akayamba kutsutsana, mwalipeza. Musaikenso moyo ndi imfa pa voti iliyonse, anthu amatopa. Sabata zina funso likhale laling'ono koma loluma, monga ngati mlonda ayankhe foni ya mayi ake kapena ailekerere ilire.

Kugawa masiku a sabata

Ambiri amene amasiyira panjira amagonja ndi kalendala, luso lolemba ali nalo. Nachi chitsanzo cha sabata yomwe imatheka. Gawo lituluke Lachisanu m'mawa. Voti ikhale yotsegula mpaka Lolemba usiku. Lachiwiri mumalize kulemba, Lachitatu mujambule, Lachinayi mukonze mawu ndi kukweza fayilo.

Masiku atatu ndi ochepa kwambiri ngati mukuyambira pa pepala loyera, n'chifukwa chake masiku omwe voti ili yotsegula si opumula. Lembani ndi kujambula zochitika zomwe sizidalira voti, monga za anthu ena a m'nkhani omwe sakudziwa zomwe zachitika pa geti. Zimenezi zikhoza kukwana theka la gawo. Mbali ziwiri zovoterazo muzilembe mwachidule, tsamba limodzi iliyonse, kuti Lolemba usiku mungotola yopambanayo n'kuitambasula. Ngati inu ndi azisudzo anu muli ndi ntchito zina masana, tulutsani gawo pa sabata ziwiri zilizonse, ndipo muwauze omvera kuyambira pachiyambi. Gawo la mphindi 12 mpaka 15 lotuluka pa tsiku lake limasunga anthu kuposa la mphindi 40 lotuluka mwa apo ndi apo.

Kulembera khutu

Womvera saona kalikonse, ndipo mwina akumvera akuchapa kapena ali pa ulendo. Chochitika chilichonse chiyambe ndi phokoso louza malo, monga unyolo wa geti, nkhululu za usiku, kapena mapazi pa simenti. Mayina atchulidwe msanga, wina akalowa mnzake amutchule. Pa chochitika chimodzi pasamalankhule anthu oposa atatu, ndipo mawu awo akhale osiyana bwino, osati amuna awiri a mawu aakulu ofanana.

Pewani kuuzitsa anthu zinthu zomwe pa moyo weniweni sangazinene. Palibe amene amati "taona ndanyamula makiyi m'dzanja langa lamanja." Makiyi alire, mnzakeyo afunse, "Amenewo wawatenga kuti?" Mukamaliza kulemba, werengani mokweza mutatchera wotchi. Pomwe lilime lapunthwa, chiganizocho n'chachitali. Wotchiyo ikuuzaninso kuti masamba angati amakwana mphindi khumi pa kalankhulidwe ka azisudzo anu, ndipo nambala imeneyo muzigwiritsa ntchito magawo onse.

Gawo lililonse litsegule ndi chikumbutso cha masekondi 30 kapena 40, chotchula zotsatira za voti ndi manambala ake enieni. Litseke ndi funso, lonenedwa kawiri momveka bwino, ndi tsiku ndi ola lotsekera voti. Sunganinso kope lomwe muzilembamo chomwe voti iliyonse yasintha, komanso ndani akudziwa chinsinsi chiti. Pofika gawo lachisanu ndi chimodzi mutu wanu udzayamba kusakaniza zomwe zinachitikadi ndi zomwe zinagonja pa voti, koma omvera sasakaniza.

Kujambula mawu

Chipinda n'chofunika kuposa maikolofoni. Foni wamba m'chipinda chofewa imamveka bwino kuposa maikolofoni odula m'chipinda cha makoma opanda kanthu, momwe mawu amagunda khoma n'kubwerera. Pezani kachipinda kakang'ono kokhala ndi zovala, makatani kapena matiresi. Mukhoza kupachika mabulangeti kumbuyo kwa wolankhula ndi m'mbali mwake. Ombani m'manja kamodzi n'kumvetsera. Mukamva kulira kotsalira, onjezani bulangeti lina. Zimitsani fani ndi firiji ngati zili pafupi, ndipo foni yojambulira muitseke netiweki kuti uthenga usalowe pakati pa kulira kwa munthu.

Pakamwa pakhale potalikira maikolofoni ngati chikhatho chimodzi chotambasula, pafupifupi masentimita 15, ndipo wolankhula asaloze mpweya molunjika. Mawu okhala ndi ph, th ndi kh amatulutsa mpweya wamphamvu womwe umamveka ngati chibakera m'makutu mwa womvera. Kupendeketsa maikolofoni pang'ono, kapena kuika kansalu kopyapyala pakati, kumathetsa vutoli. Jambulani mu WAV (mtundu wa fayilo yosunga mawu osachepetsa ubwino wake) pa 44.1 kHz ngati chida chanu chikulola, ndipo mawu okwera kwambiri azifika pakati pa -12 ndi -6 dB pa choyezera kukwera kwa mawu. Mawu otsika mungawakweze pambuyo pake, koma osweka chifukwa chokwera kwambiri sakonzeka. Pa chochitika chokuwa, wazisudzo abwerere m'mbuyo phazi limodzi.

Musanayambe, jambulani masekondi 30 onse ali chete. Kaphokoso ka m'chipinda chachete kameneka mudzakagwiritsa ntchito kudzaza mipata podula. Wina akalakwitsa, aombe m'manja kamodzi n'kubwereza chiganizo chonse, chifukwa kuombako kumaoneka ngati mzere wautali pa kompyuta ndipo simuvutika kufunafuna. Azisudzo akakhala kutali, alankhulane pa foni atavala mahedifoni, aliyense akudzijambula yekha pa chida china, kenako akutumizireni mafayilo. Gwirizanani nawo polemba, ngakhale ndi anzanu, kuti akulola mawu awo kutulutsidwa komanso kuti azipezeka tsiku lojambula mpaka magawo onse atha. Muwauzenso poyera kuti voti ikhoza kuchepetsa mbali yawo kapena kuichotseratu. Munthu amene waloweza mbali yake kwa mwezi wathunthu ayenera kudziwiratu zimenezi.

Kukonza ndi kutulutsa

Pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity, yomwe yakhalapo kuyambira 2000, ndi yaulere ndipo imagwira pa Windows, macOS ndi Linux. Ndi yokwanira pa ntchito yonseyi. Yambani ndi zolankhula zokha, muzidule ndi kuziyala mpaka zimveke ngati anthu akuyankhanadi. Musachotse mipata yonse, chifukwa m'sewero kukhala chete kwa masekondi awiri kumanena zambiri. Kenako ikani phokoso la malo pansi pake, kenako tizinthu monga chitseko ndi makiyi, nyimbo pomalizira.

Maphokoso ambiri mungawajambule nokha ndi foni. Ena alipo pa Freesound, nkhokwe yomwe inayambira pa yunivesite ya Pompeu Fabra ku Barcelona mu 2005, koma onani chilolezo cha fayilo iliyonse. CC0 mungaigwiritse ntchito momasuka, CC BY imafuna mutchule mwini wake, ndipo yokhala ndi NC siilola kupangira ndalama. Nyimbo za oimba otchuka musazikhudze popanda chilolezo, gawo lanu likhoza kuchotsedwa voti ili mkati.

Apple Podcasts imalangiza kuti mawu akhale pafupifupi -16 LUFS (muyeso wa kukwera kwa mawu pa gawo lonse), ndipo Audacity ili ndi chida chokonzera zimenezi. Tulutsani MP3. Pa 128 kbps (muyeso wa data yomwe sekondi iliyonse ya mawu imatenga) mphindi imodzi imadya pafupifupi megabaiti imodzi, choncho gawo la mphindi 15 likhala pafupifupi 14 MB. Pa 64 kbps ya mono (mawu ofanana ku makutu onse awiri) likhala theka lake, zomwe zimathandiza omvera a data yochepa. Musanakweze, limvereni pa sipika ya foni, osati pa mahedifoni abwino okha. Ngati nyimbo ikumeza mawu pamenepo, itsitseni.

Fayilo muikweze pa tsamba losunga mapodikasiti, lomwe limakupatsani RSS, adiresi yomwe Apple Podcasts, Spotify ndi mapulogalamu ena amatengerako magawo atsopano. Chithunzi cha pachikuto chikhale cha mbali zofanana, mapikiselo 1400 mpaka 3000 mbali iliyonse. Pali kabokosi kena komwe ambiri amakadumpha, kofunsa ngati podikasiti yanu ndi episodic kapena serial. Sankhani serial, kuti mlendo ayambire gawo loyamba osati lomaliza.

Kuyendetsa voti

Voti ichitikire malo amodzi, ndipo linki yake ikhale pamwamba penipeni pa mawu ofotokozera gawo. Google Forms ikhoza kuletsa munthu kuvota kawiri, koma imafuna alowe ndi akaunti ya Google, ndipo ena amabwerera pomwepo. Mavoti a pa WhatsApp ndi osavuta, koma aliyense amaona momwe zikuyendera ndiponso amene wasankha chiyani, choncho obwera mochedwa amangotsata gulu. Telegram imalola voti yobisa mayina. Ine ndimakonda voti yomwe zotsatira zake sizioneka mpaka gawo lotsatira, chifukwa kudikirako ndi mbali ya chisangalalo.

Malamulo anenedwe mu gawo loyamba: munthu mmodzi voti imodzi, ola lotsekera silisuntha, ndipo mavoti akafanana muchita chiyani. Mukhoza kunena kuti mudzachita mayere mukujambula kuti onse amve. Musafunse manambala a foni kapena mayina ngati simukuwafuna pa ntchito ina yomwe mwaifotokoza. Mukaona mavoti mazana alowa m'mphindi zochepa pomwe omvera anu ndi ochepa, nenani poyera zomwe mwaona ndi zomwe mwachita nazo.

Sabata zoyamba mavoti akhoza kukhala 11. Awerengeni mokweza momwemo, 7 kwa 4, mopanda manyazi. Anthu 11 amenewo akamva kuti voti yawo yatembenuzadi nkhani, ndi omwe akaitane anzawo.

Mbali yomwe mumaikonda ikagonja

Zidzachitika, mwina pa voti yachiwiri yomwe. Mudzakhala mutaona kale m'maganizo chochitika chokongola, mlonda ataima pa ofesi ya abwana chipewa chili m'manja, mawu akunjenjemera, kenako omvera n'kusankha kuti akhale chete. Mtima umafuna kubera: kulemba kuti anakhaladi chete, koma m'mphindi yoyamba abwana atulukira okha, nkhani n'kubwerera komwe mumafuna. Musachite zimenezo. Omvera amazindikira msanga, ndipo chikhulupiriro chikatayika pamenepo sichibwerera.

Khalani ndi mbali yopambanayo usiku umodzi, mudzifunse kuti chowawa kwambiri chomwe chingatuluke mu chisankhochi n'chiyani. Mlonda wakhala chete. M'mawa mwake mnzake uja akumupatsa moni mwansangala, akumuuza za mwana wake amene wakhoza mayeso, osadziwa kuti dzina lake lili kale pa pepala la abwana. Chochitika chimenechi simukanachipeza mukanatsata njira yanu.

Ogonja pa voti musawaiwale. Ngati anthu 45 pa 100 ankafuna kuti aulule, maganizo awo alowe m'kamwa mwa munthu wina wa m'nkhani, monga mkazi wa mlondayo, amene amufunse usiku funso lomwe omvera amenewo akufunsa. Masamba a mbali zogonja muwasunge, mukhoza kudzawawerenga ngati gawo lapadera nkhani ikatha. Kumbukiraninso amene adzapeze podikasiti yanu patatha miyezi. Voti ikatsekedwa, sinthani mawu ofotokozera gawo kuti aonetse kuti inatsekedwa tsiku lakuti, koma zotsatira musazilembe pamenepo, akazimve okha mu gawo lotsatira.

Voti yomaliza ikhale pa gawo lotsatizana ndi lomaliza, ndipo gawo lomalizalo lisakhale ndi funso. Dzipatseni sabata ziwiri polilemba, ndipo mulengezeretu zimenezi. Tsegulani kope lija, muwerenge mavoti onse kuyambira woyamba, ndipo pa chisankho chilichonse mupeze malo, ngakhale chiganizo chimodzi, pomwe chidzamvekenso: bodza la mu gawo lachiwiri, foni ya mayi yomwe sinayankhidwe, tochi yomwe mlonda mnzake anasiya pa geti tsiku lomwe anachotsedwa ntchito.